Mmene Mungatere ndi Ndege pa Bwalo Limene Nsanja Yake Yatsekedwa

Pa 22 March 2013, bungwe la FAA, lomwe limayang'anira maulendo a ndege m'dziko la America, linalengeza kuti litseka nsanja 149 zowongolera ndege m'mabwalo ang'onoang'ono kuyambira pa 7 April. Gwero la chiganizochi linali lamulo la Budget Control Act la 2011, limene linakakamiza nthambi za boma kudula ndalama kuyambira pa 1 March 2013, ndipo FAA inayenera kuchotsa madola 637 miliyoni pa bajeti yake. Eni mabwalo ena anakamang'ala kukhoti, tsiku lotsekera linasunthidwa kufika pa 15 June, ndipo aphungu atavomereza kuti FAA itape madola osapitirira 253 miliyoni m'thumba lokonzetsera mabwalo, nduna ya zamtengatenga, Ray LaHood, inalengeza pa 10 May kuti nsanjazo zipitiriza kugwira ntchito.

Nsanjazo zinapulumuka, koma funso limene oyendetsa ndege ankadzifunsa m'masabata amenewo, lakuti angatere bwanji pa bwalo lopanda wowongolera, likadalipo, chifukwa mwa mabwalo pafupifupi 5,000 otsegukira aliyense ku America, ndi oposa 500 pang'ono okha amene ali ndi nsanja, ndipo zambiri mwa nsanjazo zimatseka usiku. Nsanja ikatseka, bwalo silitseka nayo. Ntchito ya wowongolera uja imagwera m'manja mwa oyendetsa ndege onse amene ali pafupi ndi bwalolo, ndipo malangizo otsatirawa, omwe ndi a m'malamulo a ku America, ndi okuthandizani kusenza gawo lanu.

Kukonzekera kumayamba musananyamuke. Werengani zidziwitso za NOTAM, zimene zimachenjeza oyendetsa ndege za zosintha pa mabwalo, ndi buku la Chart Supplement kuti mudziwe maola amene nsanja imagwira ntchito, ndipo lembani papepala nambala ya wailesi yotchedwa CTAF, imene ndege zonse zimalankhulirana pakakhala palibe wowongolera. Pa bwalo limene nsanja yangotseka, kawirikawiri nambalayo ndi ya nsanja yomweyo, pamene m'mabwalo ambiri opanda nsanja imakhala ina, monga 122.8. Musailote pamutu. Dziwaninso kuti mlengalenga wozungulira bwalolo, umene masana umakhala wa gulu D, umasanduka wa gulu E kapena G, ndipo izi zimasintha malamulo a kutalika kwa mtunda umene muyenera kuona ndi mpata umene muyenera kusiya pakati pa inu ndi mitambo.

Mukamayandikira, mverani kaye lipoti la nyengo la makina a ASOS kapena AWOS ngati alipo, kuti mudziwe kumene mphepo ikuchokera ndi kusankha msewu woterapo, popeza ndege imatera moyang'anizana ndi mphepo. Kenako tsegulani CTAF ndipo khalani chete kwa kanthawi. Mukatsala ndi mamailosi 10, lankhulani: tchulani dzina la bwalo, mtundu ndi nambala ya ndege yanu, mbali imene mukuchokera, kutalika kumene muli ndi chimene mukufuna kuchita, ndipo mutsirize ndi dzina la bwalo lomwelo. Kubwereza dzinali kuli ndi chifukwa, pakuti mabwalo angapo oyandikana amatha kugwiritsa ntchito nambala imodzi, ndipo amene wamva mawu anu chapakati ayenera kudziwa ngati akumukhudza.

Polowa m'mzere wozungulira bwalo, lamulo likuti muzikhotera kumanzere nthawi zonse, pokhapokha ngati mapu kapena zizindikiro za pansi zikusonyeza kuti pa msewu umenewo amakhotera kumanja. Ndege zing'onozing'ono zimazungulira pa mapazi 1,000 kuchokera pansi, omwe ndi mamita pafupifupi 300. Njira imene FAA imalimbikitsa ndi yolowa mopendekera madigiri 45 chapakati pa gawo la downwind, pamene ndege imayenda motsata mphepo pambali pa msewu, mutafika kale pa kutalika koyenera. Kutsikira m'mzerewo kuchokera pamwamba n'koopsa chifukwa ndege imene ili pansi panu simungaione. Lengezani mukalowa downwind, mukakhotera ku base, gawo lopingasa lapakati pa downwind ndi gawo lomaliza, ndi pamene mwalunjika msewu pa final. Ndege ziwiri zikamatera nthawi imodzi, imene ili m'munsi ndiyo imatsogola, koma lamulo lomwelo limaletsa kutsika dala kuti mudumphe mnzanu amene walunjika kale msewu.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimaona kuti ophunzira ambiri amachipeputsa, ndipo ndicho chimandidetsa nkhawa koposa. Pa CTAF palibe amene amapereka chilolezo, ndipo palibe amene amatsimikizira kuti mawu anu amveka. Pa 19 November 1996, pa bwalo lopanda nsanja la Quincy m'chigawo cha Illinois, ndege ya kampani ya United Express ya mtundu wa Beechcraft 1900 inkatera pa msewu 13 pamene ndege ya King Air inkakonzekera kunyamuka pa msewu 4, misewu iwiri yodutsana. Woyendetsa United Express anafunsa pa wailesi ngati ndege imene inali pa msewu 4 idikira. Amene anayankha anali woyendetsa kandege ka Piper Cherokee komwe kanali kumbuyo kwa King Air, mawu ake sanamveke onse, ndipo otera aja anaganiza kuti yankholo lachokera kwa King Air. Ndege ziwirizo zinawombana pamphambano ndipo anthu onse 14 amene anali m'menemo anamwalira. Bungwe lofufuza ngozi la NTSB linapeza kuti oyendetsa King Air sanamvetsere bwino wailesi ndiponso sanayang'ane mokwanira asananyamuke.

Chotero yankho lililonse limene lilibe nambala ya ndege mulitenge ngati simunayankhidwe, ndipo mufunsenso. Inunso musayankhe funso limene silinalunjike kwa inu. Kumbukirani kuti pa bwalo lotere lamulo limalola ndege zina kuuluka popanda wailesi n'komwe, choncho kuti zii pa CTAF sikutanthauza kuti muli nokha. Yatsani nyali zoterera ngakhale masana, yang'anani mbali zonse musanakhote, ndipo musanalowe mu msewu ponyamuka, tembenuzani ndege kuti muone ndi maso anu mbali imene otera akuchokera ndi msewu wina uliwonse wodutsana ndi wanu. Mukakayikira muli pa final, onjezani mphamvu ya injini, kwerani, lengezani, ndipo muzungulirenso.

Usiku, m'mabwalo ambiri nyali za msewu mumayatsa nokha pokanikiza batani la maikolofoni m'masekondi 5: kasanu ndi kawiri kuti ziwale kwambiri, kasanu kuti ziwale pakatikati, katatu kuti ziwale pang'ono. Zimakhala zoyaka kwa mphindi 15, choncho ndi bwino kukanikizanso mukalowa m'mzere kuti zisakuzimireni mukutera.

Mukatera, tulukani mu msewu mpaka ndege yonse itadutsa mizere yachikasu, kenako lengezani kuti mwaupatuka. Ngati munauluka pa dongosolo la IFR, lomwe limadalira zipangizo ndi owongolera a kutali, kutseka ulendo wanu, kutanthauza kuwadziwitsa kuti mwatera, tsopano ndi udindo wanu, pa wailesi kapena pa foni, popeza nsanja imene ikanakuchitirani zimenezi palibe. Owongolera a kutaliwo amalola ndege imodzi yokha ya IFR kulowa kapena kutuluka pa bwalo lotere panthawi imodzi, ndipo mukaiwala kuwadziwitsa, mnzanu amene akubwera pambuyo panu adzazungulira m'mwamba akutha mafuta pamene iwo ayamba kukufunafunani.