Mwana sanaiwale, mawuwo sanalowe n'komwe

Mayeso a Sitandade 8 akuyandikira, ndipo dandaulo la makolo chaka chino ndi lomwe lija: mwana amawerenga mpaka usiku koma mutu wake sugwira. Pitani pakhomopo madzulo. Mwana ali pamkeka ndi kope, wailesi ikulira pambali, foni ili m'manja, mayi akumutuma mchere. Ndiye mukuti mutu ndi wouma?

Mawu amene munthu wangowerenga amayamba aima kaye m'maganizo, n'kumawabwereza chamumtima monga timachitira ndi nambala ya foni tisanailembe. Akatswiri a za maganizo a munthu, Alan Baddeley ndi Graham Hitch, anafotokoza kasungidwe kameneka mu 1974. Akapanda kubwerezedwa, mawuwo amazilala m'masekondi pafupifupi awiri, ndipo katswiri wina, Nelson Cowan, mu 2001 anati panthawi imodzi timagwira zinthu pafupifupi zinayi zokha. Mawu a pawailesi amalowa pamalo omwewo ngakhale mwana asakumvetsera, n'kukankha amene amawerengawo. N'chifukwa chake nyimbo ya mawu imasokoneza kuposa mvula padenga la malata.

Ntchito yobweza maganizo akathawa, ndi yosanja mawu m'magulu kuti asungike, imagwiridwa kwambiri ndi ubongo wakutsogolo, kuseri kwa chipumi. Mbali imeneyi imakhwima mochedwa, munthu atapitirira zaka 20. Wazaka 13 musamusiyire foni n'kumati adziletsa yekha.

Bambo wina, mlimi wa fodya, anadandaula kuti anadula ndalama ya feteleza kugula nyali ya sola, koma mwana analakwabe mayeso oyeserera. Mwanayo atauzidwa kuti atseke kope n'kutchula ziwalo za duwa, anatchula ziwiri. Tsamba limenelo anali ataliwerenga kasanu. Kuwerenga mobwerezabwereza kumachititsa mawu kuoneka odziwika m'maso, mwana n'kuyesa kuti wadziwa, pomwe kuwatulutsa yekha sangathe. Aphunzitsi ena nawonso akadali pa kuimbitsa manotsi kalasi yonse pamodzi. Pakamwa pakuyenda, maganizo ali kudambo.

Zimitsani wailesi, foni ikhale chipinda china, ndipo musamutume kwa mphindi 20. Mndandanda wautali augawe zitatuzitatu kapena zinayizinayi. Akawerenga ndime imodzi atseke kope, anene m'mawu akeake, kenako atsegule aone pamene waphonya. Mumufunsenso mawa lake, patatha masiku atatu, ndiponso patatha sabata. Azigona msanga, chifukwa zophunzira masana zimakhazikika ali m'tulo.