Ulusi wolukira munthu amene thupi lake limadana ndi ubweya wa nkhosa

Chiperoni chikatsika paphiri la Zomba mu Juni ndi Julayi, juzi, chipewa ndi masokosi zimafunika pakhomo paliponse. Vuto limabwera kwa amene akangovala chovala cha ubweya wa nkhosa, khosi limafiira, m'mikono mumatuluka nsungu, mwana amangolira uku akudzikanda. Anthu otere angathe kulukiridwa zofunda bwinobwino, bola wolukayo adziwe chenicheni chimene chili m'manja mwake.

Pano mawu oti "wulu" amatisokoneza. Ulusi uliwonse wolukira timautcha wulu, chonsecho wambiri wogulitsidwa m'masitolo ndi mumsika ndi akiriliki, wopangidwa ku fakitale, wopanda ubweya ngakhale pang'ono. Ubweya weniweni umabisala kwambiri m'majuzi a kaunjika ndi mu ulusi wosakaniza. Pachikwangwani cha chovala fufuzani mawu awa: wool, merino, lambswool, laine, lana, Wolle. Mohair, angora, cashmere ndi alpaca ndi ubweya wa nyama zina, ndipo kawirikawiri umasakanizidwa ndi wa nkhosa, choncho musaudalire musanauyese.

Kuyabwa kuli pawiri. Anthu ambiri amangobayidwa ndi timaubweya tokhuthala, ndipo akavula kuyabwako kumatha posachedwa. Ena thupi lawo limadana ndi lanolin, mafuta achilengedwe a mu ubweya wa nkhosa, amene amapezekanso m'mafuta ena odzola. Iwowa zidzolo zimatha kutuluka patapita tsiku limodzi kapena awiri. N'chifukwa chake kuyesa kwa mphindi zisanu sikukwanira. Lukani kachidutswa, kachapeni, mukamange mkati mwa chigongono kwa maola angapo, kenaka mudikire masiku 2. Munthu akatupa nkhope kapena kubanika, apite kuchipatala nthawi yomweyo.

Chikwangwani chikasowa, moto ndiwo umanena zoona. Dulani ulusi wa masentimita 10, muugwire ndi pulayala pamwamba pa mbale ya madzi, muuyatse. Ubweya umanunkha ngati tsitsi lopserera, umazima wokha, ndipo umasiya kampira kakuda kofumbutuka mukakafinya. Thonje limayaka ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa lotuwa. Akiriliki amasungunuka, amadontha, n'kusiya chotupa cholimba ngati pulasitiki. Wosakaniza amavuta kuzindikira pamoto, ndiye muviike kachingwe mu Jik wosasungunula m'kapu yagalasi usiku wonse: ubweya ndi silika zimasungunuka, thonje ndi akiriliki zimatsala. Chingwe chikatuluka chitawonda, munali ubweya kapena silika.

Thonje ndilo lokoma kwambiri pakhungu, makamaka la khanda, koma likhoza kukukhumudwitsani mukaliluka ngati ubweya. Silitamuka n'kubwerera. Limalemera, ndiye juzi lalitali limakokeka ndi kulemera kwake komwe mpaka mikono kupitirira zala. Gwiritsani singano zocheperako ndi theka la milimita kuposa zolembedwa pampukutu. Ngati alemba 4 mm, tengani 3.5 mm. Mphepete za m'chiuno, m'khosi ndi m'mikono zilukeni ndi singano zocheperanso, ndipo polowetsa singano muzidzera kumbuyo kwa sitichi kuti ipotoke, pakuti sitichi yopotoka imagwira. Ena amaphatikiza kalasitiki kowonda kosokera m'mizere 3 yomaliza ya mphepete, ndipo zimathandizadi. Lukani kutsogolo, kumbuyo ndi mikono padera n'kusoka. Misokoyo ndiyo imanyamula chovala. Pamapewa sokereranipo kansalu kopyapyala mkati.

Musanayambe, lukani kachidutswa ka masentimita 15 mbali zonse, mukachape monga mudzachapire juzilo, kakauma mukapachike tsiku lathunthu ndi mapegi angapo kumunsi. Masitichi muwerenge pambuyo pa zonsezi. Amene amadumpha gawoli ndi amene amadzamasula juzi lonse.

Pogula muziwerenga mamita, osati magalamu. Pa ulusi wokhuthala pakatikati, mpukutu wa thonje wa magalamu 50 umakhala ndi mamita pafupifupi 100, pomwe akiriliki wa magalamu 100 amafika pafupifupi mamita 280. Juzi la munthu wamkulu limadya mamita 1,000 mpaka 1,200, kutanthauza thonje lokwana theka la kilogalamu kapena kuposerapo. Dziwaninso kuti thonje silisunga kutentha ngati ubweya, ndipo likanyowa ndi nkhungu limazizira n'kuchedwa kuuma. Pochapa musalipachike lili lonyowa. Lifinyeni m'thaulo, muliyale pamphasa pamthunzi.

Wofuna kufunda kwenikweni, monga mlonda kapena wophunzira wolawirira, akiriliki ndiye amamuthandiza: ndi wopepuka, wotchipa, wouma msanga. Choopsa chake ndi moto. Amasungunukira pathupi, choncho mwana wokwawa pafupi ndi mbaula kapena mafuwa asavale akiriliki. Mulukireni thonje, muwonjezere bulangete. Simbi yotentha imaphanso ulusiwu, chovala chimasanduka chonyezimira, chofooka, ndipo sichibwereranso. Ena amayabwidwa ndi akiriliki chifukwa cha thukuta lotsekeredwa. Malaya a thonje mkati amathetsa zimenezi. Mukapeza wosakaniza thonje ndi akiriliki theka ndi theka, tengani, chifukwa ameneyo ndiye amaposa onse pa juzi la tsiku ndi tsiku.

Ulusi wolembedwa bamboo umachokera ku nsungwi zosungunulidwa ndi mankhwala. Ndi wofewa, woterera, ndipo umafooka ukanyowa, motero umayenera sikafu ndi shawelo, osati juzi lolemera. Singano zamtengo zimaugwira bwino kuposa zachitsulo. Khonje ndi luzi la nthochi zisiyireni zikwama, zoyala patebulo ndi madengu, pakhungu zimakanda.

Ulusi wa thonje ukasowa m'sitolo, juzi la thonje la pakaunjika limapereka wabwino. Litembenuzeni muone msoko. Ngati m'mphepete munadulidwa n'kupitidwa ndi makina a ovaloko, lisiyeni, mudzangopeza tizidutswa ta mzere umodzi umodzi. Msoko wooneka ngati katcheni ndiwo umamasuka mukakoka chingwe chimodzi. Masulani kuyambira kumtunda kutsika, kulungani ulusi kumsana kwa mpando, mangani malo 4, viikani m'madzi ofunda a sopo mphindi 30 kuti mapindi awongoke. Popeza m'belo munali zovala zaubweya, tsukuluzani kawiri.

Kupota thonje nokha n'kothekanso, ndipo si zachilendo kuno: David Livingstone atafika m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akupota ndi kuomba nsalu za thonje lawo. Lero limalimidwa ku Balaka, Chikwawa, Nsanje ndi Salima, ndipo kafukufuku wake amachitikira ku Makoka konkuno ku Zomba. Pa kilogalamu ya thonje lanjere mumatsala ndi loyera pafupifupi magalamu 350 mpaka 400. Njere zichotseni pogubuduza kachitsulo kozungulira pamwala wosalala, zimatulukira kutsogolo. Thonjelo limwazeni pokoka n'kusiya chingwe cha kauta mkati mwake mpaka lifufume, kenaka likulungeni mopepuka pakamtengo kowonda ngati pensulo, musolole kamtengoko, mutsale ndi kamsoseji kofewa.

Timaulusi ta thonje ndi tatifupi, masentimita 2 kapena 3, ndiye chopotera cholemera cholendewera m'mwamba chimangodula. Pangani chopepuka: sipoko ya njinga ya masentimita 20, yokhala ndi kadongo kowotcha kozungulira chakumunsi, zonse zisapitirire magalamu 15. Nsonga yake iime m'kambale kuti ulusi usanyamule kulemera. Zungulizani ndi dzanja lamanja, lamanzere lizikoka pang'onopang'ono kupotako kukulowa. Ulusi ukamasololoka n'kulekana, kupota kwachepa; ukamadzipinda timfundo n'kuduka mwadzidzidzi, kwachuluka kapena pamenepo pawonda kwambiri. Chingwe chimodzi n'chowonda ndipo chimakhotetsa choluka, choncho phatikizani 3 kapena 4, muzipote mobwerera mbali ina.

Mukamaliza, wiritsani ulusiwo ola limodzi m'malita 5 a madzi, ndi sopo pang'ono komanso masipuni 2 a soda wochapira. Madzi amasanduka achikasu: ndi phula lachilengedwe la thonje ndi fumbi la kumunda zikuchoka, ndipo thonje lopoperedwa mankhwala siliyenera kufika pakhungu losachedwa kuyabwa lisanawiritsidwe chotere. Kuwiritsako kumakhazikitsanso kupota ndi kufupikitsa ulusi, ndiye mamita muyeze ukauma.