VPN Ikulumikiza Koma Makompyuta Ena Sakupezeka: Onani Subnet Mask

Funso: tili kunyumba ku Chelston timalowa pa OpenVPN ya ofesi (pulogalamu ya VPN, yolumikiza kompyuta yathu ku netiweki ya ofesi kudzera pa intaneti), koma makompyuta ena okha ndi amene akuyankha. Chavuta n'chiyani?

Kawirikawiri ndi subnet mask yolakwika, nambala imene imasonyeza ma adiresi amene ali mu netiweki imodzi. Yambani pa seva, lembani `ip addr` muone netiweki ya ofesi. Tinene kuti ndi 192.168.10.0/23, kutanthauza mask ya 255.255.254.0, imene imafika mpaka 192.168.11.255.

Kenako tsegulani server.conf, fayilo ya makonzedwe a OpenVPN pa seva, mupeze mzere wa `push "route"`, umene umauza laputopu ma adiresi oyenera kudutsa mu VPN. Mukapeza 192.168.10.0 255.255.255.0, vuto ndi lomwelo. Mask imeneyi imathera pa 192.168.10.255, ndiye pulinta ya pa 192.168.11.20 imatsala kunja, ndipo mapaketi (tizidutswa ta deta) opita kwa iyo amalowera ku rauta ya kunyumba m'malo modutsa mu VPN. Sinthani mask ya pa mzerewo ikhale 255.255.254.0.

Mzere wa `server 10.8.0.0 255.255.255.0` musaukhudze, umenewo ndi wa ma adiresi a VPN yokha. Ingoonetsetsani kuti `topology subnet` ilipo.

Yambitsaninso OpenVPN pa seva, mudule n'kulumikizanso laputopu, chifukwa njira yatsopano imabwera polumikiza. Pa Windows lembani `route print` muone ngati njirayo yabwera, muyese `ping`, lamulo loona ngati kompyuta ina ikuyankha.

Zikakanikabe, onani MiFi kapena rauta yanu. Ikamagawa manambala ofanana ndi a ofesi, isintheni ikhale 192.168.50.0/24.