Kubwezeretsa kuwala pa penti yakale yopyapyala ya galimoto ngati MGB

Galimoto ngati MGB, zomwe zinkapangidwa ku Abingdon ku England kuyambira 1962 mpaka 1980, ndi Triumph Spitfire ya zaka zomwezo, zinkatuluka m'fakitale ndi penti imene utoto ndi kuwala kwake zili pamodzi, popanda vanishi yoonekera pamwamba ngati ya galimoto za masiku ano. Penti yotere ikakalamba imauma ndi kutuwa ngati yawazidwa ufa, makamaka yofiira. Pamwamba pokha ndi pamene pafa, pansi utoto ukadalipo. Koma dziwani kuti penti imene mwapala sibwereranso, ndipo pa galimoto ya zaka 50 yomwe yakhala ikupukutidwa nthawi yonseyi, yatsala ndi yochepa. Choncho ntchito yake ndi yochotsa zakufa zokhazo basi.

Yambani ndi kudziwa penti yomwe muli nayo. Ikani dontho la polishi pansalu yoyera, mutikite pamalo obisika monga m'munsi mwa chitseko. Nsalu ikatenga mtundu wa galimoto, ndiye kuti pamwamba palibe vanishi. Ikangoda ndi litsiro, pamenepo anapentapo kachiwiri ndi penti yamakono. Yesani zitseko zonse, boneti ndi buti, chifukwa galimoto zakale zimakhala zitapentedwa apa ndi apo.

Ngati mungapeze kachipangizo koyezera kukhuthala kwa penti, kabwerekeni ndithu. Kamawerenga ma micron, ndipo ma micron 1,000 ndi milimita imodzi. Pamene pakuwerenga 80 kapena kucheperapo, musaikepo makina opukutira, pukutani ndi manja. Pamene papyola 300 anapentapo kangapo kapena pali body filler, phala lomatira malo ophwanyika. Kumbukirani kuti nambalayo ikuphatikiza pulaima, penti yoyamba ya pansi, utoto weniweni ndi gawo chabe. MGB zoyambirira zili ndi boneti ya aluminiyamu, choncho kachipangizo kodalira maginito kokha sikawerenga pamenepo, ndipo pa Lotus Elan, yomwe thupi lake ndi la fibreglass, sikagwira n'komwe.

Tsukani pamthunzi, chitsulo chili chozizira, ndi sopo wa galimoto. Sopo wa ufa wochapira zovala ndi wa mbale amaumitsa penti yomwe ndi youma kale. Khalani ndi ndowa ziwiri, ina ya sopo, ina yotsukuluzira chinsanza, kuti mchenga usabwerere pagalimoto. Mukaumitsa, yendetsani chikhatho. Pakamveka mwakhakhalaza, pitanipo ndi clay bar (kadongo kochotsera litsiro lomatirira pa penti) yofewa, pamalopo pali ponyowa ndi madzi a sopo, osakanikiza. Ikagwa pansi itayeni.

Apa ndi pamene ambiri amathamangira compound, polishi wokhakhala wopala kwambiri, ndipo ndi pamene penti imathera. Penti youma iyambe yamwa mafuta. Gwiritsani ntchito glaze, mankhwala a mafuta owalitsira penti, yopanda mchenga wopala, monga Meguiar's Mirror Glaze No. 7. Pakani yambiri ndi kansalu ka thawulo ya thonje, mukutikita ndi mphamvu pang'ono, chigawo chimodzi mpaka chithe. Isiyeni usiku wonse galimoto ili m'garaja, m'mawa mupukute ndi nsalu ya microfibre. Nsalu idzatenga utoto wakufa, musadabwe nazo. Bwerezani kawiri kapena katatu. Penti yambiri imabwerera mtundu wake pamenepa, ndipo ikawala mokukhutiritsani, lekerani pompo, polishi safunikanso.

Ngati ikadali yozimirira, tengani polishi wosalala kwambiri, uja wa kumapeto, muyese kaye pamalo a masentimita 40 mbali zonse. Musanayambe, matani tepi ya opaka penti m'mphepete mwa boneti, mwa zitseko, pamizere yotukuka ya thupi ndi pafupi ndi chrome. M'malo amenewa penti inali yopyapyala kuchokera tsiku lomwe inapoperedwa, ndipo siponji imakanikiza kwambiri pamsongapo. Makina akhale a dual action (ozungulira uku akugwedera), siponji yofewa, madontho atatu kapena anayi a polishi, liwiro la pakati. Makina a rotary, ongozungulira chabe, ayi: amatenthetsa, ndipo penti ya cellulose, mtundu wina wa penti yakale yopanda vanishi, ikatentha imafewa n'kukokeka kapena kubooka nthawi yomweyo. Yendani pang'onopang'ono kawiri kapena katatu, pukutani, yang'anani ndi tochi, khudzani ndi kuseri kwa dzanja. Pakatentha dikirani. Siponji imadzaza msanga ndi utoto wakufa, ndiye ipukuteni ndi thawulo mukatha kachigawo kalikonse, ndipo mukhale ndi zinayi kapena zisanu zosinthira. Siponji yodzaza imakanda m'malo mowalitsa.

Mukaona mthunzi wotuwa kapena wofiirira ukutulukira pansi pa utoto, imeneyo ndi pulaima. Siyani pomwepo. Sandpaper, ngakhale yosalala kwambiri ya 3000, isayandikire penti yotere. Mikwingwirima yozama, imene chikhadabo chimakodwamo, isiyeni ikhale. Kuti muifafanize muyenera kutsitsa penti yonse yozungulira mpaka pamene mkwingwirima walekezera, ndipo pentiyo ndi imene mulibe.

Pali zina zomwe polishi sangakonze. Timing'alu ting'onoting'ono tolukanalukana tadutsa penti yonse, ndipo polishi akalowamo amauma n'kusiya timizere toyera, choncho pamalo otere pakani pang'ono ndi kupukuta zisanaume. Matuza ndi dzimbiri lochokera pansi, imeneyo ndi ntchito ya wokonza thupi la galimoto. Penti ya metallic (yonyezimira ngati chitsulo) yopanda vanishi ndi yovutirapo: mukapala mumafika pa tinyenyeswa ta aluminiyamu, nsalu imada bii, ndipo penti imachita mawangamawanga. Imeneyi ndi ya glaze ndi manja basi. Thina amasungunula cellulose, ndipo ngakhale spirit amatha kuizimiritsa, musapukutire zimenezi.

Pomaliza pakani wakisi wa carnauba mopyapyala kwambiri, mudikire achite mbuu, mupukute. Mawa lake pakaninso kachiwiri. Wakisiyu sakhalitsa, kumalo a dzuwa lamphamvu mubwereze pakatha miyezi iwiri kapena itatu, madzi akasiya kupanga timadontho pamwamba. Zitosi za mbalame chotsani tsiku lomwelo ndi nsalu yonyowa, chifukwa zimadya penti yopanda vanishi mofulumira. Pofunditsa galimoto sankhani nsalu yolola mpweya kudutsa, galimotoyo ili yotsuka. Pulasitiki amasunga chinyezi ndipo amasiya zigamba zoyera pa penti.