Kabotolo ka m'mphuno kamene kakutsekani mphuno

Chichokereni chiperoni mu Ogasiti, fumbi n'kuyamba kuuluka, ndakhala ndikuona chinthu chimodzi m'makomo amene ndimayendera ku Ndirande, ku Chilomoni ndi ku Machinjiri. Ndi kabotolo kakang'ono ka mankhwala odonthezera kapena kupopera m'mphuno. Kali m'thumba la malaya, kali pambali pa chiwongolero cha minibasi, kali pansi pa pilo. Munthu tikucheza, amangotembenukira kumbali, kudontheza uku ndi uku, kukoka mpweya, nkhani n'kupitirira. Ndikafunsa kuti munayamba liti, wina amati mwezi, wina miyezi inayi. Mayi wina wogulitsa mandasi anaseka n'kunena kuti, "Alangizi, ine kaja ndi mnzanga. Ndikaiwala foni sindibwerera, koma kameneka ndimabwerera."

Tengani kabotolo kanuko muwerenge timalemba ting'onoting'ono tapambali. Mukapeza mawu akuti xylometazoline kapena oxymetazoline, ndi inuyo amene ndikulankhula nanu. Ambiri mumakadziwa ndi dzina loti Otrivin, koma mayina alipo angapo. Mankhwalawa si oipa ayi. Anapangidwira chimfine cha masiku ochepa, kuti munthu agone usiku. Pepala la m'kabokosi limanena kuti musapitirire sabata imodzi, ndipo madokotala ambiri amati masiku atatu kapena asanu akwana. Pepalalo mumalitaya pakhomo pa famase, n'chifukwa chake ndikulibwereza pano.

M'kati mwa mphuno muli mnofu wofewa wodzaza ndi timitsempha ta magazi. Mukadwala chimfine timitsemphati timafufuma, mnofuwo umatupa, njira ya mpweya n'kuchepa. Anthu amaganiza kuti chotseka mphuno ndi mamina okha, koma chachikulu ndi kutupako. Madontho aja amafinya timitsemphati, kutupa kumaphwa, ndipo pakangopita mphindi zochepa mumapuma ngati simunadwalepo. Mphamvu yake ikatha timitsempha timafufumanso. Mukachita zimenezi masiku atatu, thupi silidandaula. Mukachita milungu itatu, mnofu uja umazolowera, ndipo mankhwala akangotha mphamvu umatupa kuposa poyamba. Munkadontheza kawiri pa tsiku, pano ndi kasanu, ndipo usiku mumadzuka kufufuza kabotolo mumdima. Chimfine chimene chinakuyambitsani chinatha mu Julayi. Chimene chakutsekani mphuno lero ndi mankhwala omwewo. Madokotala amachitcha rhinitis medicamentosa, kutanthauza kutupa kwa m'mphuno kobwera ndi mankhwala.

Ndiye nkhope imayamba kupweteka, munthu n'kumati "ndili ndi masainasi". Masainasi aliyense ali nawo. Ndi timapanga ta mpweya m'mafupa a kumaso, tili mitundu inayi mbali iliyonse: m'masaya, pamphumi, pakati pa maso, ndi tina m'kati kwambiri kuseri kwa mphuno. Kaphanga kalikonse kamapanga mamina tsiku ndi tsiku, ndipo maminawo amatulukira m'mphuno kudzera pa kabowo kakang'ono. Mnofu wa m'mphuno ukatupa kabowoko kamatsekeka, mamina amaima m'katimo ngati madzi a mu ngalande ya ku Limbe imene yadzaza majumbo. Ndi pamenepo pamene tsaya limalemera, mphumi imagunda mukawerama kuti mumange nsapato, mano a m'mwamba amachita ngati atalika, ndiwo sizimvekanso fungo. Mukamatupitsa mphuno tsiku lililonse ndi kabotolo kaja, mukutseka nokha khomo limene mukufuna kuti litseguke.

Ndimvetsa chimene chimakufikitsani pamenepa. Mu Juni ndi Julayi mumalowetsa mbaula m'nyumba, mazenera otseka, utsi wa makala usiku wonse. Apa ndipatukeko pang'ono: mutu umene mumadzuka nawo m'mawa mutagona ndi mbaula si wa masainasi, ndi mpweya woipa wa makala, ndipo umapha anthu ali m'tulo. Kuzizira kukangotha kumabwera fumbi la m'misewu yopanda phula, utsi wa mapesi ndi wa tchire limene anyamata atentha posaka mbewa, utsi wa zinyalala ndi mapulasitiki amene timayatsa kuseri kwa nyumba madzulo. Mphuno ya munthu wa mu Blantyre siipumula kuchokera Juni mpaka mvula yoyamba. Koma zimenezi sizisandutsa mankhwala a masiku asanu kukhala a miyezi isanu.

Ndalama ndiye werengani nokha. Ine mitengo sinditchula chifukwa ikusintha mwezi ndi mwezi, koma amene mumamaliza kabotolo sabata iliyonse chulukitsani ndi milungu ya kuyambira Julayi, muone kuti ndi matumba angati a makala kapena ufa wa masiku angati. Pamwamba pake pali panado amene mukumwa tsiku lililonse chifukwa cha nkhope. Nayenso ali ndi msampha wake: munthu amene amamwa mankhwala opha ululu masiku 15 kapena kuposerapo pa mwezi, kwa miyezi ingapo, mutu umayamba kumupweteka chifukwa cha mankhwalawo. Kenako mnzanu wa kuntchito amakuuzani kuti "gula makapisozi", mumagula amoxicillin wa masiku awiri, kumwa, kusiya, mwezi wamawa kugulanso. Kutupa kobwera ndi madontho kulibe kachilombo koti amoxicillin aphe. Mukungophunzitsa tizilombo ta m'thupi mwanu kupirira mankhwala, kuti tsiku limene mudzadwale chibayo chenicheni adzakukanikeni.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi amene muli ndi BP. Mankhwala amene amafinya mitsempha ya m'mphuno sathera m'mphuno momwemo, ena amalowa m'magazi. Pepala lija limachenjeza odwala kuthamanga kwa magazi, a mtima ndi amayi oyembekezera kuti afunse kaye adokotala. Ndaonanso mayi akudontheza ka akuluakulu m'mphuno mwa mwana wa zaka ziwiri chifukwa "akulephera kupuma usiku". Ana aang'ono mankhwalawa angawafooketse koopsa. Musachite zimenezo.

Ndipo nthawi yonse imene mukudontheza, chenicheni chikubisala. Mizu ya mano a m'mwamba akumbuyo imakhala pansi penipeni pa kaphanga ka m'tsaya, moti dzino lobooka limatha kuwoletsa m'menemo, mbali imodzi, ndi mamina onunkha. Ameneyo akufunika dokotala wa mano, madontho sangamuthandize. Wina ali ndi tinyama tofewa tomera m'mphuno. Wina thupi lake limadana ndi fumbi kapena nkhungu ya pakhoma la chipinda chonyowa: amayetsemula motsatizana m'mawa, maso kuyabwa, mamina amadzimadzi. Ndipo ambiri amene amati masainasi, makamaka amayi, ndi mutu waching'alang'ala. Umagunda mbali imodzi, mseru, kuwala kumasowetsa mtendere, munthu amafuna kugona mumdima, ndipo nawonso umatha kutseka mphuno ndi kutulutsa misozi. Ngati nkhope imapweteka koma mphuno ili yotseguka, mamina palibe ndipo fungo mukumva bwinobwino, kawirikawiri vuto silili m'masainasi. Madokotala amati ndi masainasi okhalitsa pamene kutseka mphuno, mamina, kulemera kwa nkhope kapena kusamva fungo zapitirira milungu 12. Kuyambira Julayi kufika Okutobala milungu imeneyo yakwana kale, ndipo palibe amene wakuunikani m'mphuno.

Mwezi wathawu ndinakumana ndi bambo wina wolima nandolo ndi tomato cha ku Lunzu. Ndinapitira nkhani ina, ya chitsime, koma ndinawapeza pabwalo akumenya nandolo, akazi awo akupeta, fumbi lili tolo, iwo mphuno ndi pakamwa zili pamtunda. Anaima, kupukuta thukuta, kutulutsa kabotolo m'thumba la ovolosi.

"Bambo, kameneko munayamba liti?"

"Pokolola chimanga paja, alangizi. Tinatong'ola, tinathira Actellic, mphuno zinangoti tseke. Mwana wanga anandigulira m'tauni."

"Pothira mankhwala a chimanga munavala kanthu kumaso?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa ngati ankavala taye. Ndinawafotokozera za timitsempha tija, iwo ali chete, akupukusa kabotolo pafupi ndi khutu kuti amve ngati mwatsala kanthu. Nditamaliza anati, "Ndiye kameneka ndi katapila. Kamandibwereka mpweya m'mawa, madzulo n'kudzatenga ndi chiwongoladzanja." Akazi awo anaseka mpaka kuika lichero pansi, nati, "Auzeni alangizi, ife tikanena amati ndife osaphunzira. Usiku mkonono wake ngati chigayo." Kenako bamboyo anayamba kundifotokozera za mtengo wa nandolo ndi mavenda amene amabwera ndi sikelo zawozawo, tinathera pamenepo ola lathunthu, za chitsime sitinakambenso. Ndinamva kuti anayesa kusiya, anapirira masiku awiri, usiku wachitatu anatuma mwana pa njinga. Sindikuwaweruza, masiku oyambawo ndi ovutadi. Koma nandolo akumenyabe opanda chophimba kumphuno, ndipo masiki ansalu a nthawi ya Covid-19 ali m'nyumba mwawo, ndinawaona atapachikidwa pa msomali.

Za akale nazo zimanditopetsa. Agogo amati fodya wa m'mphuno amatsegula mutu chifukwa amayetsemulitsa. Kuyetsemula ndi mphuno ikudandaula, si kuchira ayi. Ena amalowetsa adyo m'mphuno, mamina akatuluka ambiri amati "zatuluka", osadziwa kuti adyoyo wapsereza mnofu ndipo maminawo wayambitsa ndi iye. Ena amapaka mafuta a chimfine otenthetsa khungu aja m'kati mwenimweni mwa mphuno, pamene anapangidwira pachifuwa. Kufukiza ndi masamba a bulugamu mutafunda bulangeti kumapepuza kwa kanthawi, sindikana, koma sikuchiza, ndipo poto wa madzi owira pakati pa miyendo, mwana akukwawa pambali, tonse tikudziwa mmene zimathera. Ndanena zimenezi pa misonkhano ya m'madera kambirimbiri, anthu amagwedeza mitu, mawa lake n'kutuma mwana kukathyola bulugamu.

Tsopano chochita, mwachidule. Kabotoloko siyani. Amene mungathe siyani lero, dziwani kuti mphuno idzatseka kwambiri kwa masiku angapo, mwina sabata imodzi kapena masabata awiri, kenako n'kuyamba kumasuka. Amene simungathe, siyani mbali imodzi kaye, inayo muzidontheza usiku wokha, mbali yoyambayo ikatseguka siyaninso inayo. Gonani mutu uli pamwamba. Tsukani m'mphuno ndi madzi amchere kawiri pa tsiku: theka la lita la madzi owiritsa n'kuzizira, supuni yaing'ono ya tiyi imodzi ya mchere, ndi ina ya soda wophikira wogula m'sitolo, osati chidulo. Thirani pang'ono m'chikhato choyera, kokani ndi mphuno imodzi mutawerama pa beseni, muwasiye atuluke. Madziwo akhale owiritsa ndithu, a pa mpope kapena a pa mjigo osawiritsa ayi, ndipo pangani atsopano tsiku lililonse. Panado munthu wamkulu asapitirire mapiritsi asanu ndi atatu a 500 mg pa tsiku, ndipo asakhale wa tsiku lililonse. Brufen amene muli ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena pathupi, musamwe. Popeta, pomenya nandolo, posesa ndi pothira mankhwala m'chimanga phimbani mphuno, pabwalo wazani madzi musanasese.

Pitani ku chipatala cha m'dera lanu ndi kabotoloko m'manja, mukanene zoona za nthawi imene mwakagwiritsa ntchito. Alipo mankhwala ena opopera m'mphuno, monga beclomethasone, amene amaphwetsa kutupa pang'onopang'ono ndipo alibe msampha uja. Amafuna milungu ingapo kuti mumve kusintha, ndiye musawataye tsiku lachitatu n'kumati ndi abodza. Zikakanika akulemberani kalata yopita ku Gulupu, ku Queen Elizabeth, kumene kuli madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi. Koma diso likatupa kapena kufiira mozungulira, mukayamba kuona zinthu ziwiriziwiri, mphumi ikatupa, khosi likauma, thupi likatentha kwambiri ndi mutu woopsa, kapena munthu akayamba kusokonezeka, pitani tsiku lomwelo ngakhale usiku. Chimodzimodzi mphuno imodzi yokha imene yatseka kwa nthawi yaitali n'kumatuluka magazi, kapena tsaya lachita dzanzi, musadikire milungu 12. Mwana amene akutuluka mamina onunkha mbali imodzi, nthawi zambiri analowetsamo njere ya chimanga kapena nyemba, musamutokose ndi kamtengo, mutengereni kuchipatala akaichotse.