Mmene ndinachotsera ndere pa mapeva a pabwalo

Mvula itakula mu February kuno ku Chipata, mapeva (njerwa zoyala pansi) a pabwalo panga anamera ndere, n'kumaterera ngati therere. Tsiku lina amayi anatsala pang'ono kugwa ndi ndowa kumutu.

Sopo waufa ndi tsache sizinathandize, ndere zinabwerera pasanathe sabata 2. Makina opopera madzi mwamphamvu omwe ndinabwereka anangokokolola mchenga wa m'mipata, mapeva n'kuyamba kugwedera.

Gwero la nderezo linali mtengo wa mango. Mthunzi wake unkachititsa kuti pamalopo pasaume tsiku lonse. Ndinadula nthambi 3 za kum'mawa kuti dzuwa lizifika, n'kukumba kangalande kotulutsa madzi odikha. Popanda zimenezi, kukwecha n'kungotaya mphamvu.

Kenako ndinasakaniza kapu imodzi ya Jik ndi makapu 10 a madzi, ndinathira, n'kudikira mphindi 20. Ndinakwecha ndi burashi yolimba n'kutsukuluza, kusamala kuti madziwo asalowe m'maluwa. Jik musamusakanize ndi asidi, mpweya wake ndi woopsa.

Pataumiratu ndinasesera mchenga wouma wa kumtsinje m'mipata monse. Zogula zinali Jik ndi burashi basi, za pamsika wa Kapata.