Timadzi ta pasupuni tikutigwetsera ana pa sikelo

Okutobala uno dzuwa laswa mtengo, ndipo ku sikelo kuno ku Thyolo ndatopa kuona zomwezomwezo. Khanda la miyezi 2 kapena 3, likutsegula m'mimba, liwombo lalowa, mzere wa m'buku watsika. Ukafunsa mayi, amayamba akana. Ukaumirira, amvekere: "Ndi timadzi chabe ta pasupuni, alangizi, kwatenthatu."

Timadzi timeneto ndiye vuto lonse. Mkaka wa m'mawere pa magawo 100 alionse, pafupifupi 88 ndi madzi, ndiye ludzu mukulinenalo limathera pa bere pomwepo. Madzi a pachitsime, pano pomwe zitsime zaphwa ndipo anthu akutunga matope, mukuwathira m'mimba mosakhwima. Kolera wa 2022 ndi 2023 tamuiwala kale? Ngakhale mutawaphitsa, kamimba ka khanda n'kakang'ono. Kakadzaza madzi, mwana amayamwa pang'ono, bere nalo limachepetsa mkaka. Pakapita sabata ziwiri mayi ayamba kudandaula kuti mkaka sukukwana, agogo atereka phala lamadzimadzi, basi nkhani yatha. Zotsatira zake n'zandalama: kabaza wopita kuchipatala, masiku osapita kuntchito, chitini cha mkaka wogula chosatha n'komwe sabata. Msambonso umabwerera msanga, ena n'kutenga pathupi mwana asanayambe kukwawa.

Agogo, pepani, ndinena. Kuno akamwini amakhala kwa akazi awo, ndiye mawu anu ndi amene amamveka pakhomo. Zoti "ife tinakula ndi phala" ndazimva kokwanira. Amene sanakule sitimawawerenga.

Sabata yatha bambo wina woweta ng'ombe zamkaka cha ku Bvumbwe anabwera ndi akazi awo. Ndili mkati mofotokoza, anandidula: "Zimenezo n'za kukhola kwanga zomwe. Ng'ombe ukadumphitsa kukama m'mawa umodzi, mawa chigubu sichidzadza." Anaseka yekha, kenako anakhala duu. Supuni ija anali atagula ndi iwowo.

Tsono chitani izi. Miyezi 6 yoyamba yamwitsani mwakathithi, osapatsa madzi, tiyi kapena mankhwala azitsamba a liwombo. Kukatentha onjezerani kuyamwitsa, kosachepera ka 8 usana ndi usiku, bere limodzi lithe kaye musanasinthe. Mwana akamakodza ka 6 kapena kupitirira pa tsiku, ndiye kuti akukhuta. Amayi omwe muyambe kuthyola tiyi mvula ikagwa, finyirani mkaka m'kapu yotsuka bwino, muvindikire, muike pozizira, womulera amumwetse pasanathe maola 4. Madziwo imwani ndinu, ndipo abambo muzikatunga. Khanda likayamba kutsegula m'mimba musasiye kuyamwitsa, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.